Funsani Alangizi: Kodi Amene Akuchira Matenda a Maganizo Angakane Zofuna za Achibale?

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu anayi amene akuchira matenda a maganizo ndiponso kwa mayi mmodzi amene akusamalira mwana wake wodwala. Aliyense wafotokoza vuto lake, koma ambiri akufuna kudziwa ngati munthu amene anadwalapo, anthu n'kumuvutikira, angathe kunena kuti "apa ayi" osaoneka wamwano kapena wosayamika. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO

Alangizi, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimakhala ku Ndirande. Chaka chatha ndinadwala matenda a kukhumudwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Achemwali anga aakulu ndi amene anandisamalira, ankandisambitsa, kundiphikira ndi kulera ana anga awiri, ndipo mpaka lero ndikukhala kwawo. Tsopano ndili bwino, ndayambiranso geni yanga ya kaunjika, ndipo mankhwala ndikumwa osadumphitsa. Koma achemwaliwo amasunga khadi langa la kubanki, amawerenga mauthenga a pafoni yanga, ndipo mlendo akabwera amamufotokozera zonse zimene ndinkachita ndikudwala, ine ndili pomwepo. Ndikangoyamba kudandaula amandifunsa kuti, "Kodi mankhwala mwamwa lero?" Ndimangokhala chete n'kukalirira kuchipinda. Kodi ndine wosayamika?

Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO

Mayi, munthu wosayamika sakanayamba kalata yake ndi kuwerenga zabwino zimene achemwali ake anamuchitira, monga mwachitira inu. Kuyamika mukuyamika ndithu, koma zikuoneka kuti mumtima mwanu mwavomereza kuti njira yokhayo yoyamikira ndi kugonja pa chilichonse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiganizire limodzi.

Tiyambe ndi achemwali anu. Iwo anakuonani pa nthawi imene munalibe mphamvu ngakhale yosamba, ndipo mwina anagona masiku ambiri ali ndi mantha kuti akutayani. Pa nthawi imeneyo, kusunga khadi lanu ndi kuyang'anira foni yanu kunali kukutetezani, chifukwa munthu amene matenda amugwira kwambiri akhoza kutaya ndalama kapena kudzivulaza. Vuto ndi lakuti zimene zinali zoyenera pa nthawi ya matenda zapitirira mpaka nthawi ya kuchira, ndipo palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti nthawi ija yatha. Ndikukhulupirira kuti chimene chikuwachititsa zimenezi ndi mantha, ndipo mantha ndi amene muyenera kuwayankha mukamalankhula nawo.

Funso lija lakuti "mankhwala mwamwa?" ndi limene landikhudza kwambiri m'kalata yanu. Likafunsidwa pa nthawi imene munthu akudandaula, limasandutsa dandaulo lililonse kukhala chizindikiro cha matenda, moti wodandaulayo amasowa polowera: akakwiya ndiye kuti akudwala, akalira ndiye kuti akudwala, akakhala chete ndiye kuti akudwalanso. Komatu munthu aliyense wabwinobwino angakwiye ataona wina akuwerenga mauthenga ake, ndipo angachite manyazi nkhani za matenda ake zikufotokozedwa kwa alendo. Mkwiyo wanuwo ndi wa munthu wamoyo amene akudziwa kufunika kwake. Makolo athu ananena kuti wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti ngakhale mawu a munthu amene anthu amamunyoza ayenera kumvedwa ndi kuyesedwa ngati ali oona. Nanga kuli bwanji mawu a inu amene mwachira ndipo mukudyetsa ana anu ndi thukuta lanu?

Nkhani imeneyi ikukhudzanso thanzi lanu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa ku London dzina lake George Brown anayamba kufufuza chimene chimachitikira odwala schizophrenia (matenda amene amasokoneza kaganizidwe, mwina munthu n'kumamva mawu a anthu amene palibe) akatuluka m'chipatala. Iye ndi anzake anapeza kuti odwala amene ankabwerera m'mabanja momwe munali kudzudzula kwambiri, chidani, kapena kuwalowerera pa chilichonse mopitirira muyeso, matenda awo ankabwerera kawirikawiri kuposa a anzawo. M'chaka cha 1976, akatswiri ena awiri, Christine Vaughn ndi Julian Leff, anaonetsa kuti kudzudzulidwa panyumba kumakhudzanso odwala matenda a kukhumudwa. Izi sizikutanthauza kuti achibale ndi amene amayambitsa matenda. Zikutiphunzitsa kuti ngakhale chisamaliro chochokera m'chikondi chikafika pomupanikiza munthu chimachedwetsa kuchira, ndipo mukapempha achemwali anu kuti akumasuleni pang'ono mukupempha chinthu chimene iwonso akufuna, chomwe ndi chakuti musadwalenso.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ali kumbali yanu. Gawo 19 likunena kuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake. Dziko la Malawi linavomerezanso m'chaka cha 2009 pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu olumala, limene limakhudzanso amene ali ndi matenda a maganizo a nthawi yaitali, ndipo limanena kuti ali ndi mphamvu yoyendetsa chuma chawo monga wina aliyense. Sindikunena izi kuti mukawaopseze achemwali anu ndi malamulo, chifukwa kutero kungawononge ubale umene ukufunika kukonzedwa. Ndikufuna inuyo mudziwe kuti zimene mukupemphazo ndi zanu kale.

Sankhani nthawi imene muli awiriwiri, pamene palibe mlendo ndipo palibe amene wakwiya. Yambani ndi kuthokoza, potchula zinthu zenizeni zimene anachita, kenako pemphani chinthu chimodzi chokha. Ine ndikanayamba ndi nkhani ya alendo, popeza ndi yosavuta kwa iwo kuisiya. Mukhoza kunena kuti, "Achemwali, popanda inu sindikudziwa kuti ine ndi anawa tikanakhala kuti. Koma mukamauza alendo za matenda anga mtima umandipweteka, ndipo ndikupempha kuti nkhani imeneyi muzindisiyira ndekha kuuza amene ndafuna." Mukatero musawonjezere milandu ina yakale, ndipo musapepese chifukwa cholankhula. Akakufunsani za mankhwala, yankhani modekha kuti mwamwa, n'kubwerera pa pempho lanu.

Nkhani ya khadi ndi foni ikufunika pangano, ndipo malo abwino olipangira ndi kuchipatala. Tsiku lokatenga mankhwala likafika, apempheni achemwaliwo kuti mupitire limodzi, ndipo pamaso pa namwino kapena dokotala mugwirizane zizindikiro zosonyeza kuti matenda akubwerera: kusagona masiku angapo motsatizana, kusafuna kudya, kusiya kusamba, kuleka kupita ku geni, kapena kulankhula za imfa. Muwapatse chilolezo, inu muli bwinobwino, chakuti akadzaona zimenezi akutengereni kuchipatala ndi kukusungirani khadi mpaka adokotala atanena kuti mwapeza bwino. Pamene zizindikirozi palibe, khadi ndi foni zikhale m'manja mwanu. Pangano lotere limawapatsa chochita ndi mantha awo, chifukwa amadziwa chimene akuyang'anira ndi nthawi yoyenera kulowererapo.

N'kutheka kuti akhumudwa, mwina atenga masiku angapo asakukulankhulani bwino. Kukhumudwa kwawo si umboni wakuti mwalakwa, ndipo kumbukirani kuti matenda amene munadwalawa amachititsa munthu kudziimba mlandu pa zinthu zimene sanalakwe. Akapitiriza, itanani amalume kapena azakhali amene nonse mumawalemekeza kuti akukhazikeni pansi. Koma ngati kulira kwa kuchipindako kwayamba kubwera ndi maganizo ofuna kudzipha, musadikire tsiku lanu la kuchipatala. Pitani tsiku lomwelo ndipo mukanene mosabisa.

FUNSO

Alangizi, ndine mphunzitsi wa zaka 41 ndipo ndili ndi matenda a bipolar, amene nthawi zina amandikhumudwitsa kwambiri ndipo nthawi zina amandipatsa mphamvu zopitirira muyeso. Adokotala anandilangiza kuti ndizigona mokwanira usiku uliwonse. Vuto ndi lakuti ndine mwini mbumba kwathu. Nthawi ina ndinachezera pamaliro mausiku angapo, ndipo pasanathe sabata matenda anayambiranso. Pa maliro otsatira ndinabwerera kunyumba madzulo, ndipo tsopano abale akuti ndayamba kunyada. Komanso aliyense amabwera kwa ine kufuna ya fizi ndi ya feteleza, ndipo ndikakana amandikumbutsa kuti kale ndinkapereka mosaumira. Ndichite bwanji?

Bambo wa ku Dedza

YANKHO

Bambo, adokotala anu anakuuzani zoona, ndipo thupi lanu latsimikiza. Kwa munthu wa matenda a bipolar, kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimadzutsa nyengo ija ya mphamvu zopitirira muyeso, pamene munthu amalankhula kwambiri, samva kutopa ndipo amapanga zinthu mosaganizira mapeto ake. Mankhwala monga sodium valproate kapena carbamazepine amathandiza kuti matenda asabwerebwere, koma salowa m'malo mwa tulo.

Sindingakulangizeni kuti muleke kupita kumaliro. Maliro ndi amene amasonyeza kuti munthu ndi wa anthu, ndipo mwini mbumba amene saoneka pamaliro amadzichotsera yekha anthu amene adzawafune tsiku lina. Koma tiyenera kufunsa kuti chimene anamfedwa amafuna kwa inu ndi chiyani. Amafuna akuoneni, mupereke chipepeso, muthandize pa zokonzekera monga bokosi ndi chakudya cha anthu, ndipo mukhalepo kumanda. Zonsezi zimatheka masana. Chimene chinalakwika pa maliro apitawo n'chakuti munachoka anthu asakudziwa chifukwa chake, ndipo pamene chifukwa sichinanenedwe anthu amapeka chawo. Ulendo wina, mukangofika, tengerani pambali mkulu mmodzi womveka pabanjapo, kapena anyakwawa, muwauze kuti achipatala anakuletsani kuchezera usiku ndipo kuti mudzalawira m'mamawa. Dzina la matenda simukakamizidwa kulitchula. Anthu odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amapempha zotere ndipo palibe amawanena kuti ndi onyada. Ngati kwanu ndi kutali, pemphani malo ogona panyumba ina yoyandikira kumene nyimbo sizikumveka kwambiri, nyamulani mankhwala anu, ndipo mowa umene umayenda usiku pamalo otere muupewe.

Za ndalamazo, pali chinthu chimene abale anu mwina sakuchidziwa. Kupereka mosaumira kumene akukukumbutsaniko kukhoza kukhala kuti kunachitika pa nthawi imene matenda anali atakwera, chifukwa kumwaza ndalama ndi chimodzi mwa zizindikiro zake. Ngati ndi choncho, ndiye kuti akukupemphani kuti mubwerere ku khalidwe la munthu wodwala. Khalani pansi ndi akazi anu, ngati muli pabanja, muone ndalama imene mungapatule mwezi uliwonse yothandizira mbumba popanda kusowetsa ana anu chakudya, ndipo ikatha muzinena poyera kuti ya mwezi uno yatha. Musapite kwa akatapila pofuna kusangalatsa wachibale, popeza nkhawa ya ngongole ndi imene idzakulandeni tulo timene mukuyesetsa kuteteza.

Anthu olima minda yoyandikana amakhalitsana bwino pamene malire akuoneka, ndipo milandu imapita kwa amfumu pamene malirewo afufutika. Abale anu akadziwa chimene angayembekezere kwa inu ndi chimene simungathe, madandaulo adzachepa, ngakhale miyezi yoyamba idzakhala ya mawu. Udindo wa mwini mbumba nawonso ukhoza kugawidwa. Ngati muli ndi mphwanu kapena muphwa wamkulu wodalirika, muikeni poyera pamaso pa abale kuti ndiye aziimira inu pa zochitika za usiku.

FUNSO

Alangizi, ndine mtsikana wa zaka 23. Chaka chatha ndinadwala mpaka ndinkamva mawu a anthu amene panalibe. Tsopano ndimabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi ndipo ndili bwino. Abusa athu anandipempherera kwambiri pa nthawiyo. Pano akufuna ndipereke umboni pamaso pa mpingo, ajambule aike pa Facebook, ndiponso ndisiye jakisoni posonyeza chikhulupiriro. Makolo anga akuti ndivomere chifukwa mpingo unatithandiza. Ine ndimakonda Mulungu koma ndikuopa.

Mtsikana wa ku Lilongwe

YANKHO

Mwanawe, mapempho awiri ali m'kalata yakoyi, ndipo pa loyamba ndilankhula mosapita m'mbali: jakisoniyo usasiye. Malangizo a bungwe la World Health Organization ndi akuti munthu amene wadwala matenda otere koyamba apitirize mankhwala kwa miyezi yosachepera 7 mpaka 12 zizindikiro zitatha, ndipo kuchepetsa kapena kusiya kuchitike pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala. Ambiri mwa amene amasiya okha amadwalanso, ndipo kuopsa kwa jakisoni wa pamwezi ndi kwakuti mphamvu yake imatenga nthawi kuti ithe m'thupi, kotero munthu amakhala bwino milungu kapena miyezi ingapo, anthu n'kumati wachiradi, matenda n'kudzabwera pambuyo pake. Ngati jakisoniyo akukuvutitsa, monga kuuma khosi, kunjenjemera manja kapena kugona kwambiri, uli ndi ufulu wokauza achipatala kuti aone mlingo wake, asinthe mankhwala kapena akupatse ena ochepetsa mavutowo. Ufulu wofunsa mafunso uli nawo ngakhale kwa adokotala amene.

Chikhulupiriro ndi mankhwala si adani. Chipatala cha St John of God, chimene chakhala chikuthandiza odwala maganizo ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndipo tsopano chilinso ku Lilongwe komweko, ndi cha gulu la Chikhristu. Munthu amene gululi limatchedwa dzina lake anabadwira ku Portugal m'chaka cha 1495, ndipo iye mwini anatsekeredwapo m'chipatala ku Granada, m'dziko la Spain, anthu atamuyesa wamisala. Nkhanza zimene anaona kumeneko ndi zimene zinamuchititsa kupereka moyo wake wonse kusamalira odwala mwaulemu mpaka imfa yake mu 1550. Anthu amene amatsatira mapazi ake lero amapemphera ndipo amaperekanso mankhwala, osaona kutsutsana kulikonse.

Pempho lachiwiri ndi la umboni. Nkhani ya matenda ako ndi yako, ndipo thandizo limene mpingo unapereka silinaigule. Kanema akaikidwa pa Facebook sabwezeka, chifukwa anthu amamutumizirana ngakhale mwini wake atamuchotsa, ndipo akhoza kudzaonedwa ndi amene adzafune kukulemba ntchito kapena ndi apongozi ako zaka zikubwerazi, m'dziko limene anthu ambiri sanasiye kusala amene anadwalapo maganizo. Pali anthu amene amasankha kufotokoza poyera za matenda awo, ndipo ndimawalemekeza kwambiri chifukwa amatsegula maso a ena. Koma iwo amasankha okha nthawi, malo ndi zoti anene, ndipo mantha amene ukumvawo akusonyeza kuti nthawi yako sinakwane, mwinanso siidzakwana, zomwe si tchimo.

Pita kwa abusa limodzi ndi mayi mmodzi wamkulu wa mumpingo amene umamukhulupirira. Uwathokoze chifukwa cha mapemphero awo, kenako unene kuti, "Abusa, ndine wokonzeka kuthokoza Mulungu pamaso pa mpingo kuti anandichiritsa pamene ndinadwala, koma sindikufuna kufotokoza tsatanetsatane wa matendawo kapena kujambulidwa, ndipo mankhwala ndipitiriza monga andiuzira achipatala." Makolo ako uwafotokozere zomwezo usanapite, ndipo ngati n'kotheka mmodzi wa iwo akamve yekha kwa namwino chimene chimachitika munthu akasiya jakisoni. Iwo ndi amene adzasenze katunduyo matenda akadzabwerera. Abusa akakakamirabe kuti chikhulupiriro chako chioneke ndi kusiya mankhwala, nkhaniyi ipite kwa akulu ena a mpingo, ndipo ngati nawonso sakumva, kupemphera ku mpingo wina si kusiya Mulungu.

FUNSO

Alangizi, mwana wanga wamwamuna wa zaka 27 anadwala mutu chifukwa cha chamba ndipo anagonekedwa kawiri. Chitulukireni amandilamula ndalama tsiku ndi tsiku, wagulitsa wailesi ndi mbuzi zanga, ndipo ndikakana amandiopseza kuti andimenya kapena adwalanso ndipo mlandu udzakhala wanga. Amati wodwala ali ndi ufulu. Anansi akuti ndimumange ndi unyolo. Ndine wamasiye ndipo ndatopa.

Mayi wa ku Balaka

YANKHO

Mayi, pepani ndi mtolo umene mwausenza nokha. Mwana wanu akunena zoona kuti wodwala ali ndi ufulu, koma ufulu wakewo ndi wolandira chithandizo, wosanyozedwa ndi wosachitidwa nkhanza. Ufulu wogulitsa mbuzi za mayi ake kapena kuwaopseza alibe, ndipo inunso muli ndi ufulu wogona m'nyumba mwanu popanda mantha. Zonse zimene ndanena kwa odwala m'mayankho a pamwambawa zikugwiranso ntchito kwa inu amene mukusamalira.

Choyamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati sakugona, akulankhula yekha, akukayikira anthu kuti akumupangira chiwembu kapena akunena zosagwirizana, ndiye kuti matenda abwerera ndipo akufunika kuchipatala mwamsanga. Ngati akulankhula zomveka bwino ndipo ukali umabwera pokhapokha akafuna ndalama, chimene chikumuyendetsa ndi chibaba cha chamba. Pa zonse ziwirizi ndalama ya m'manja siimuthandiza, chifukwa chamba ndi chimene chimadzutsa matenda ake, ndipo mukamupatsa poopa kuti adwala mumakhala mukulipirira chinthu chomudwalitsacho. Mawu akuti mlandu udzakhala wanu musawasunge mumtima. Mupatseni chakudya, sopo ndi pogona, ndipo tsiku la kuchipatala mulipire nokha galimoto kapena mumuperekeze.

Malamulo a panyumba muwanene iye ali wodekha, pamaso pa amalume ake kapena amfumu, kuti adziwe kuti simuli nokha. Akhale ochepa ndi omveka: ndalama simudzaperekanso, katundu wa panyumba sagulitsidwa, ndipo akadzakuopsezani mudzaitana anthu. Nenani zokhazo zimene mungathe kuzichita, chifukwa chilango chimene chanenedwa koma osachitika chimamuphunzitsa kuti mawu anu alibe mphamvu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinapangidwire okwatirana okha. Limatetezanso kholo limene likuzunzidwa ndi mwana amene likukhala naye, ndipo limawerengera kuopseza ndi kulanda chuma ngati nkhanza. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imamva nkhani zotere, ndipo khoti la majisitireti lingathe kupereka chiletso chokutetezani. Mukapita kumeneko mukanene kuti mwanayo ali ndi matenda a maganizo ndipo mutenge buku lake la kuchipatala, kuti amuone ngati wofunika chithandizo.

Za unyolozo, chonde musamvere. Kumanga munthu kumavulaza thupi, kumakulitsa mantha ndi mkwiyo, ndipo kumapha chikhulupiriro chimene chatsala pakati pa inu ndi iye. Akafika poopsa, tulukani m'nyumba kaye, itanani abale aamuna kapena a chitetezo cha m'mudzi, amutengere kuchipatala cha boma. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, ndipo zikawakanika amatumiza odwala ku Zomba Mental Hospital, kumene kwa inu a ku Balaka si kutali kwambiri. A St John of God nawonso ali ndi ndondomeko yothandiza amene akufuna kusiya mowa ndi chamba, ngakhale imayenda bwino pamene mwini wake wavomera.

Mwanena kuti mwatopa, ndipo mawu amenewa musawabise kwa abale a kuchimuna ndi a kuchikazi komwe, chifukwa mwanayu ndi wa mtundu wonse. Pemphani kuti azisinthana nanu pomuperekeza kuchipatala ndiponso kuti wina azigona panyumbapo masiku ovuta. Funsaninso kuchipatala ngati kufupi nanu kuli gulu la Mental Health Users and Carers Association, limene ambiri amalitcha MeHUCA, momwe odwala ndi owasamalira amakumana n'kulimbikitsana. Ndipo ngati inu mwini simukugona, simukudya kapena mukungolira, muuzeni namwino yemweyo za thanzi lanu.

FUNSO

Alangizi, ndapeza ntchito yatsopano pa kampani ina. Ndimamwa mankhwala a matenda a nkhawa ndipo ndimapita kuchipatala kamodzi pamwezi. Kodi ndiyenera kuwauza abwana anga za matendawa?

Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO

Achimwene, pa ntchito zambiri simukakamizidwa kutchula dzina la matenda anu. Ndi zokwanira kunena kuti muli ndi tsiku lokaonana ndi adokotala mwezi uliwonse, kupempha chilolezo nthawi ikadalipo, ndi kubweretsa kalata ya kuchipatala akaifuna. Mukhoza kupempha achipatala kuti kalatayo ingonena kuti munaonedwa, osalemba matendawo. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo limapatsa amene wagwira miyezi 12 mosalekeza tchuthi cha matenda cha milungu 4 pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse. Popeza mwangoyamba kumene, werengani bwino mgwirizano wanu wa ntchito kuti muone zimene ukunena pa miyezi yoyambayi.

Pamene zinthu zimasintha ndi pa ntchito yoyendetsa galimoto, yogwiritsa makina oopsa kapena yokwera pamwamba, ngati mankhwala anu amakugonetsani. Zikatero funsani kaye adokotala ngati mungagwire ntchitoyo bwinobwino, ndipo musalembe zabodza pa fomu ya zaumoyo ngati akupatsani, chifukwa apa moyo wa anthu ena ukukhudzidwa. Mukadzasankha kuuza wina pantchitopo, akhale munthu mmodzi amene ali ndi udindo woona za ogwira ntchito, ndipo mumuuze momveka kuti nkhaniyo isafike kwa ena popanda chilolezo chanu.